Maukwati a ana: 42 ndi 38 zandimanga, lipoti likufunika Lachisanu

wa_ma_do_file:
Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Bungwe lina, dzina tisiye, linandipatsa ntchito yolemba lipoti la maukwati a ana. Likufunika Lachisanu m'mawa, lero ndi Lachitatu, ndipo zinthu zitatu zandikakamira.

Choyamba, ndatenga IR file (fayilo ya mayankho a amayi) ya kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey, MDHS 2015-16, v013 gulu la zaka 20-24, v511 (zaka zomwe analowera m'banja koyamba) yochepera 18, weight ndaika, koma ikundipatsa kupitirira 50 peresenti. Nambala yomwe aliyense amatchula ndi 42 peresenti ya amayi a zaka 20-24 omwe anakwatiwa asanafike 18. Ndabwereza kanayi. Ku kafukufuku wina, Multiple Indicator Cluster Survey, MICS 2019-20, ndi chimodzimodzi, WAGEM (v511 yakumeneko) ikundiponya pamwamba pa 38 patali. Ndikulakwitsa pati?

Chachiwiri, bwana wa mapulogalamu analemba kale mutu wa lipoti. Akuti kuchoka pa 42 kufika pa 38 ndi zipatso za lamulo la 2017 loletsa ukwati wa osafika zaka 18 komanso ntchito yawo. Changa n'kungopeza manambala oikira kumbuyo mutuwo. Mtima ukukana koma mawu omuuza ndikuwasowa.

Chachitatu, akufuna tebulo la maboma onse 28 kuyambira loipitsitsa kutsika mmunsi, ndi mapu ofiira oti akaonetse aphungu ndi mafumu.

Chonde musandiuze zokana ntchito. Theka la ndalama ndinalandira kale ndipo linapita ku fizi ya ana.

NaCSPro:
Achemwali, choyambacho n'chaching'ono. Amene sanakwatiwepo v511 yawo ndi missing, ndiye mukapanga recode osawasamala pulogalamu ya Stata imangowataya, pansi (nambala yogawira) pamatsala okwatiwa okhaokha. Indicator imafuna amayi ONSE a 20-24 pansi. Pangani variable ya 0 kwa aliyense, kenako 1 kwa amene v511 ili pansi pa 18. WAGEM ili ndi nthenda yomweyo. v005, weight ija, gawani ndi 1,000,000, psu ndi v021, strata v022, ndipo musachite drop kapena if pa zaka, gwiritsani subpop, apo ayi ma standard error atuluka olakwika.

Mukadzaona 47 kwinakwake musadabwe, imeneyo ndi ya gulu lalikulu lofika zaka 49. Anthu amaisakaniza ndi 42 ngati n'chinthu chimodzi.

wa_ma_do_file:
Eeh ndi zomwezo. Yatuluka 42 tsopano, MICS nayo yakhala pamalo pake. Mulungu akudalitseni. Zatsala ziwiri zija.

Madala wa ku Field:
Mwakonza code, chabwino. Koma mwanawe, ndikufunse. Zaka zomwe ukuziwerengerazo anazilemba ndani, ndipo anazitenga kuti? Ine ndayenda ndi matimu kuyambira nthawi ya mapepala ndi pensulo, tabuleti isanabwere. Mtsikana wa kumudzi ukamufunsa chaka chobadwa amayang'ana amayi ake, amayi ake n'kuyang'ana agogo, agogo n'kunena kuti anabadwa chaka cha njala. Njala yake iti? Ya 2002 kapena ya 2005? Pamenepo pali zaka zitatu, ndipo zaka zitatu ndiye nkhani yonse ya 17 ndi 18. Mukukangana za 42 ndi 38 pamene zaka zenizenizo n'zongoyerekeza. Vuto lili pa zaka.

Mphunzitsi wa Demography:
Za zaka tibwererako, madala, muli ndi mfundo. Koma tiyambe ndi mutu wa lipoti chifukwa ndiwo ungamugwetse mnzathuyu.

Achemwali, simukufunika regression kuti muwayankhe bwana anu. Pafunika kalendala basi. Indicator ya 20-24, yomwenso ndi SDG 5.3.1 pa zolinga za chitukuko za UN, imayang'ana mmbuyo. Mayi amene anali ndi zaka 24 kumayambiriro a 2020 anabadwa cha mu 1995 kapena 1996, anakwanitsa 18 mu 2013 kapena 2014. Nthawi imeneyo Marriage, Divorce and Family Relations Act kunalibe, inabwera mu 2015. Wa zaka 20 anakwanitsa 18 cha mu 2017 kapena 2018. Nyumba ya Malamulo inasintha Constitution mu February 2017, kuchotsa kachiphaso kaja kololeza wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Ndiye pa amayi onse omwe ali mu 38 yanuyo, ndi aang'ono okhawo amene kusinthaku kunawapeza asanafike 18, ndipo kunawapeza kwatsala chaka chimodzi kapena kuchepera apo. Ochuluka ubwana wawo unali utatha kale. Lamulo silingaletse ukwati umene unachitika lisanalembedwe.

Kenako aonetseni mzere wonse, osati madontho awiri okha. MDHS 2010 inali pafupifupi 50. MDG Endline Survey ya 2013-14, yomwe ndi MICS ndithu, inali 46. MDHS 2015-16 ndi 42, MICS 2019-20 ndi 38. Kutsika kunayamba malamulo onse awiri asanabwere, ndipo kuchokera 2010 kufika 2016 kunali kothamanga kuposa pambuyo pake. Munthu amene angawerenge lipoti lanu ali ndi manambala anayiwa m'mutu adzangofunsa funso limodzi ndipo chipinda chonse chidzakhala chete.

Sindikunena kuti lamulo linalibe ntchito. Ndikunena kuti ma survey awiriwa sangaonetse ntchito yakeyo, kaya yabwino kaya yoipa.

wa_ma_do_file:
Aphunzitsi izi ndizikopera mmene zililimu. Koma ndikudziwa chomwe andiyankhe: ndiye tenga a 15-19, amenewo lamulo linawapeza.

Mphunzitsi wa Demography:
Akatero muwauze ziwiri. Wa zaka 16 amene sanakwatiwe lero atha kukwatiwa ali ndi 17, ndiye kumuwerenga ngati wapulumuka n'kufulumira. Komanso mu 15-19 muli a 18 ndi 19 omwe ukwati wawo ngwololedwa. Ngati mukufuna gulu lapafupi ndi lero tengani a 18 ndi 19 okha, kapena pangani stset mutulutse Kaplan-Meier potengera chaka chobadwa. Kungoti n, chiwerengero cha ofunsidwa, idzachepa kwambiri, ndipo ndi masiku awiri amenewa sindingakulimbikitseni kuti muyambe njira imene simunaiyesepo.

Madala wa ku Field:
Aphunzitsi, kalendala yanuyo ndi yabwino ngati 1995 yolembedwayo ilidi 1995. Ndipo pali china chimene simunachitchule. Lamulo litadziwika m'midzi, anthu anaphunzira yankho. Kale mtsikana ankakuuza mosabisa kuti ndinalowa m'banja nditangotha msinkhu. Pano amadziwa kuti 18 ndiye nambala yosamangitsa. Mafumu akumathetsa maukwati, mbiri ya Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inafika paliponse, makolo akulipitsidwa mbuzi. Ndiye inu mwafika ndi galimoto yoyera, chikwama ndi tabuleti, mfumu yakuperekezani mpaka pakhomo, mukufunsa kuti munayamba kukhala ndi mwamuna muli ndi zaka zingati. Mukuganiza ayankha chiyani?

Ndinali supervisor pa survey ina m'boma lina la kummwera. Cluster imodzi, kadera kamodzi kosankhidwa, atsikana asanu ndi mmodzi otsatizana, onse anakwatiwa ali ndi 18 ndendende. Ndinabwerera ndekha madzulo. Mmodzi anali ndi mwana woyamba sukulu, iye akuti ali ndi 21. Werengerani nokha. Nditacheza naye bwinobwino mwamuna wake atachoka, anandiuza kuti apongozi ake anawachenjeza kutatsala tsiku kuti kukubwera a boma. Ndiye 38 yanuyo mwina ndi lamulo ndithu, koma lamulo lophunzitsa anthu kubisa. Vuto lili pa zaka.

NaCSPro:
Madala, zimenezo zimachitika, palibe akutsutsa. Koma MDHS siyamba ndi kufunsa zaka zokwatiwira. Imafunsa mwezi ndi chaka chomwe anayamba kukhala limodzi, zaka zimafunsidwa akalephera chaka. Kunama mwezi, chaka, tsiku lobadwa lake ndi la mwana woyamba, zonse n'kugwirizana, si ntchito yapafupi. Ndipo pali poyang'ana. v510 ikuuzani kuti ndi angati anapereka mwezi ndi chaka, ndi angati anachita kuwapangira imputation, kuwayerekezera deti. v014 ndi ya tsiku lobadwa. Achemwali, ingopangani tab ya ziwirizo kwa a 20-24, komanso histogram ya v511 ndi ya WAGEM. Mukaona 17 yaphwa, 18 yatupa ku MICS kuposa ku MDHS, madala apambana ndipo mulembe zomwezo mu lipoti.

Madala wa ku Field:
v510 imakuuza kuti bokosi linadzazidwa. Siikuuza kuti chodzazidwacho n'choona. Enumerator wotopa, dzuwa lili paliwombo, watsala ndi makomo anayi, amadzaza bokosi bwinobwino. Ndawagwirapo ambiri atakhala pansi pa mtengo wa mango akuwerengetsa zaka ndi zala.

Mphunzitsi wa Demography:
Pali njira yoyesera zomwe madala akunena popanda kukangana. Tsatani gulu limodzi lobadwa m'ma survey onse awiri. Obadwa 1991 mpaka 1995 anali cha mu 20-24 nthawi ya MDHS, yomwe inayenda kuyambira October 2015 kufika February 2016. Anthu omwewo mu MICS ali cha m'ma 24 mpaka 29. Onse anali atadutsa kale 18 pa survey yoyamba, ndiye mbiri yawo singasinthe. Tengani nthawi yobadwa, v010 ku MDHS, WDOB ku MICS, muwerenge peresenti ya okwatiwa asanafike 18 kwa gulu lomwelo. Zikafanana, ma survey awiriwa akuyeza chinthu chimodzi ndipo kutsika kuja mungakukhulupirire. Zikasiyana, kusiyanako si maukwati, ndi kafunsidwe, kayankhidwe kapena sample. Ndi ntchito ya ola limodzi.

Kumbukiraninso kuti MDHS 2015-16 inatenga ma cluster pa kalembera wa 2008, pamene MICS inagwiritsa wa 2018. Tchulani zimenezo penapake.

M&E Kumpoto:
Ine ndilowe pa tebulo la maboma, chifukwa linandiwotchapo.

Amayi a 15-49 omwe anafunsidwa mu MDHS ija anali 24,562. A 20-24 ndi 5,000 ndi kanthu. Gawani ndi 28, boma lililonse simukufika 200. Pa peresenti ya m'ma 40 ndi n yotero, kuphatikiza design effect, confidence interval yanu, mpata womwe nambala yeniyeni ingakhalemo, ndi mapointi 8 kapena 9 mbali iliyonse. Ndiye boma lomwe mwaliika nambala 3 ndi la nambala 15 mwina palibe kusiyana kulikonse. Mukayerekezanso boma lomwelo pakati pa MDHS ndi MICS zolakwika zija zimaphatikizana, mudzapeza boma lina latsika ndi 12, loyandikana nalo lakwera ndi 10, zonse ndi mphepo chabe. Dziko lonse ndi nkhani ina, pamenepo interval ndi mapointi awiri basi ndipo 42 ndi 38 zimasiyanadi.

Onaninso n ya unweighted, makamaka Likoma. Anthu a pachilumba paja sanafike 15,000 pa kalembera wa 2018, ndiye weighted n yake imaoneka ngati palibe munthu. Lamulo la DHS mukulidziwa, 25 mpaka 49 mumaika m'mabulaketi, pansi pa 25 ndi nyenyezi. Ndipo muonetsetse ngati Mzuzu, Lilongwe, Zomba ndi Blantyre, mizindayo, ili mkati mwa maboma ake kapena ili payokha m'mafayilo onse awiri musanayerekeze kalikonse.

Chomwe chinandichitikira: zaka zapitazo ndinapanga tebulo lotere pa nkhani ya mimba za atsikana. Ndinaika ma interval, ndinalemba chenjezo pansi. Wokonza ma slide anachotsa zonsezo poti zimadetsa tebulo. Pa msonkhano wa khonsolo ina, mfumu yaikulu inaimirira n'kufunsa kuti ndani wanena kuti anthu ake ndi nambala wani pa zonyansazi. Anandiloza ine. Kuchokera tsiku limenelo timu yathu inatha miyezi ingapo osaloledwa kulowa m'dera lake, ndipo amene anavutika ndi atsikana omwe tinkawalipirira sukulu. Chaka chotsatira survey ina inaika boma lomwelo pakati pa tebulo. Palibe anabwera kudzapepesa kwa mfumu ija, ndinapita ndekha.

Mtolankhani_Data:
Kuchokera mbali yathu ya nyuzipepala ndikuuzeni mosabisa: mukatipatsa tebulo la 1 mpaka 28, mutu wa nkhani ndi boma la nambala 1. Chenjezo la pansi silifika kwa mkonzi, ndipo likafika malo sakwana. Pa wailesi ndiye kulibiretu.

Koma chimene chimandiopsa kwambiri ndi mapu. Kuno munthu akaona boma lapakidwa kofiira saona boma, amaona mtundu ndi chipembedzo. Mawa lake pa Facebook nkhani yasanduka ya anthu akutiakuti ndi miyambo yawo, ena akutukwana, ena akudziteteza kuti manambala ndi abodza apangidwa ndi azungu. Za sukulu ya sekondale yomwe ili pa mtunda wa makilomita ambiri, za umphawi, palibe akuzikamba. Pamene mu data yomweyo mukapanga tab ndi v106 ya maphunziro ndi v190 ya chuma, kusiyana kwa amene anafika ku sekondale ndi amene sanapite kusukulu n'kwakukulu moti interval siingakuphimbe. Ngati bwana wanu akufuna chithunzi choti aphungu achite nacho kanthu, mpatseni chimenecho.

wa_ma_do_file:
Ndayesa kumuuza pa foni za ma interval. Akuti opereka ndalama anapempha mapu ndipo bungwe lina linatulutsapo mapu otere palibe anadandaula. Akuti ine ndikulimbitsa zinthu zosalimba. Ndatopa abale.

M&E Kumpoto:
Mapu mpatseni, koma a magulu atatu: maboma omwe interval yawo yonse ili pamwamba pa nambala ya dziko, omwe yonse ili pansi, ndi ena onse mtundu umodzi wotuwa. Ambiri agwera pa wotuwawo. Tebulo lisanjeni potsata zilembo kapena zigawo, osati kukula kwa nambala. Ndipo interval muiike mu cell yomweyo ndi nambala, osati mu column yakeyake, kuti wofuna kuichotsa avutike.

Madala wa ku Field:
Mapu a mitundu itatu, mapu a mitundu khumi, zonse zakhala pa zaka zomwezo. Boma lomwe mfumu yake ndi yolusa pa nkhaniyi lidzaoneka loyera chifukwa anthu ake amaopa kunena. Boma lomwe mfumu yake ilibe nazo ntchito lidzaoneka lofiira chifukwa anthu akuyankha momasuka. Ndiye mudzapereka mphoto kwa obisa, n'kudzudzula onena zoona. Wakutsina khutu ndi mnansi, mwanawe.

NaCSPro:
Madala, ndiye titani? Tisiye kuwerenga? Chiphaso cha nzika chinabwera mu 2017, anthu oposa 9 miliyoni analembetsa. Kulembetsa ana obadwa kunakhala kokakamiza kuyambira 2015. Zinthu zikusintha.

Madala wa ku Field:
Chiphasocho chaka chobadwa anachitenga kuti? Anafunsa munthu yemweyo, mfumu n'kuchitira umboni. Ena anawonjezera zaka kuti afike 16 alandire nawo, ena anachepetsa. Kusindikiza chaka papulasitiki sikuchisandutsa choona. Ana olembedwa pobadwa kuyambira 2015 adzafika 20 mu 2035. Pamenepo tidzakambirane. Sindikuti musiye kuwerenga, ndikuti tsamba loyamba la lipoti linene kuti zaka n'zokayikitsa, osati kukabisa ku annex komwe palibe amafikako.

M&E Kumpoto:
Pali chinanso chomwe sichikukhudza zaka. Liwu loti ukwati. Funso la pa questionnaire limaphatikiza okwatirana ndi ongokhalira limodzi ngati banja, koma pakamwa pa enumerator limatuluka mosiyanasiyana. Wina amati munakwatiwa liti, wina amati munalowa m'banja liti, wina munayamba liti kukhala ndi abambowa. Kwathu kuno, mtsikana amene anachita kusomphola, malowolo asanaperekedwe, akwawo sanena kuti ali pabanja ngakhale wakhala kwa mwamunayo chaka chathunthu. Iye mwini akhoza kukupatsa chaka chomwe ng'ombe zinapita, osati chomwe anachoka pakhomo pa makolo ake. Kuchigawo chapakati ndi kummwera kuli kulowana, kuli chinkhoswe, kuli ukwati wa kutchalitchi umene umabwera ana atabadwa kale atatu. Tsiku loyamba ndi liti pamenepo? Ndinakhalapo pa training ina pomwe tinatha masana onse tikukangana za liwu limodzi la Chitumbuka, mpaka ophunzitsa anangoti aliyense afunse mmene akumvera. Matimu anapita kumudzi ndi mafunso osiyana.

Komanso survey imalemba komwe mayi akukhala lero, osati komwe anakwatiwira. Kumene mkazi amatsatira mwamuna, mtsikana wokwatiwa ali ndi 16 m'boma lina amawerengedwa m'boma la apongozi ake. Wopita ku sekondale n'kupeza ntchito amawerengedwa m'tauni. Mudzi womwe unamuphunzitsa umatsala ndi okwatiwa msanga okhaokha, n'kuoneka woipa. Yang'anani v104 muone kuti ndi angati akhala pamalopo zaka zochepa.

Wongoyamba_kumene:
Pepani akuluakulu kulowerera, ndine watsopano pa ntchitoyi. Bwanji osagwiritsa manambala a ku ofesi za social welfare? Nthawi ya Covid boma linalengeza maukwati a ana pafupifupi 13,000 ndi mimba za atsikana zoposa 40,000. Amenewo si sample, ndi anthu enieni owerengedwa m'maboma.

Mphunzitsi wa Demography:
Funso labwino, ndipo musapepese. Manambala amenewo anachokera ku kafukufuku wachangu wa mu 2020, sukulu zitatsekedwa kuyambira March. Anathandiza kudzutsa anthu. Koma ndi chiwerengero cha nkhani zomwe zinafika kwa wolemba, ndipo chilibe pansi pake. 13,000 mwa atsikana angati? Chaka cha mmbuyo mwake, powerenga mwa njira yomweyo, zinali zingati? Popanda zimenezo simunganene kuti zakwera kapena zatsika. Ndipo dera lomwe lili ndi mabungwe ambiri, ma mother group ndi ogwira ntchito zoteteza ana limalemba nkhani zambiri kuposa dera lomwe kulibe woyenda ndi kope. Mukaziika pa mzere umodzi ndi 42 ndi 38 mwasakaniza mbuzi ndi nkhuku.

Ndinaonapo lipoti lina momwe wolemba anatenga chiwerengero cha maukwati othetsedwa n'kuchiwerenga ngati umboni woti vuto lakula m'deralo. Lipoti la bungwe lina linatenga chiwerengero chomwecho ngati umboni woti pulojekiti yawo yapambana. Onse awiri anapita nazo kwa opereka ndalama.

Mtolankhani_Data:
Ndipo othetsedwawo palibe amabwerera patatha chaka kukaona kuti ndi angati adakali kusukulu, ndi angati anabwerera kwa mwamuna usiku. Ndinayesapo kutsatira nkhani imeneyi m'dera lina, kope lomwe munali mayina linali litasowa pomwe wogwira ntchito uja anasamutsidwa.

Madala wa ku Field:
Ndipo m'makope amenewo zaka analemba ndani? Tabwerera pomwe paja.

NaCSPro:
Madala tamva. Achemwali, mawu oti muike mu lipoti akhale osavuta: chiwerengero chatsika kuchoka pafupifupi 50 mu 2010 kufika 38 mu 2019-20, kutsikaku kunayamba malamulo a 2015 ndi 2017 asanabwere, ndipo amayi ambiri omwe ali mu nambala yomalizayi anadutsa 18 kusintha kwa 2017 kusanachitike, choncho mphamvu ya lamuloli ingaoneke bwino mu MDHS yotsatira, ya 2024. Za ntchito ya bungwelo, ngati analibe baseline ndi madera oyerekezera, musalembe kalikonse kokhudza zipatso. Lembani zomwe anachita, atsikana angati, masukulu angati, basi.

Chinanso, chilichonse chomwe mwakana mumutumizire pa imelo, osati pa foni. Ine ndinakanapo chiganizo china pakamwa, lipoti linatuluka ndi chiganizocho ndi dzina langa pachikuto. Patatha miyezi ndinakafunsira ntchito kwina, mmodzi mwa ofunsa anali ataliwerenga ndipo anandifunsa mmene ndinapezera nambala imeneyo. Ndinalibe pepala loonetsa kuti ndinakana. Ntchito ija sindinaipeze. Do file yanu ndi log muzisunge, ndipo ngati asintha mawu anu muwapemphe molemba kuti achotse dzina lanu.

M&E Kumpoto:
Zoona, koma muyembekeze kuti theka lotsala lija lichedwa. Langa linatha miyezi isanu.

wa_ma_do_file:
Magetsi anathima kuyambira 2 koloko, ndangoyatsa kumene. Ndapanga ya magulu atatu ija, maboma ambiri agweradi pa wotuwa. Ya obadwa 1991-95 ndiyamba tsopano, wm.sav, fayilo ya amayi ya MICS, ikuvuta kulowa, ma label akubwera osweka. Imelo kwa bwana ndalemba koma sindinatumize, ndikuiwerengabe.

NaCSPro:
Stata yanu ndi version yanji? Kuyambira 16 pali import spss, imabweretsa ma label bwino. Ngati ndi yakale dutsirani ku R ndi haven mutulutse dta. Samalani ma code a 97, 98 ndi 99, asakulowereni ngati zaka.

Wongoyamba_kumene:
Pamenepo ndifunse nawo, account ya DHS Program imatenga masiku angati kuti akuvomere? Ndinalembetsa Lolemba. Ndipo ya MICS ndi yomweyo kapena ndi ina?

NaCSPro:
Ndi ziwiri zosiyana, ya MICS mulembetse pa tsamba la UNICEF. Ku DHS fotokozani bwino pulojekiti yanu, mukalemba mzere umodzi amakubwezerani. Onani ku spam.

Madala wa ku Field:
Achimwene atsopanowa, musanatsitse fayilo iliyonse mupemphe kupita nawo ku field ngakhale masabata awiri. Mukhale pamphasa, mumve mmene funso la zaka limafunsidwira mwamuna ali chapafupi akusema mpini, apongozi akusenda chimanga pakhonde. Ine enumerator aliyense ndinkamupatsa kalendala ya zochitika ya dera lomwelo, osati ya dziko lonse: chaka chomwe mlatho unakokoloka, chomwe mfumu yakale inamwalira, chomwe mjigo unakumbidwa. Za dziko lonse zomwe zinkagwira ndi zochepa, chisankho cha 1994 ndi cha 1999, imfa ya Bingu mu 2012, madzi osefukira a 2015. Ndipo health passport ya mwana woyamba ndinkaifuna nthawi zonse, chifukwa tsiku la pamenepo analemba ndi nesi mwana ali m'manja.

Mphunzitsi wa Demography:
Ya health passport ndikugwirizana nayo. Achemwali, ngati nthawi ilipo, yerekezani v212, zaka zomwe anaberekera mwana woyamba, ndi v511. Amene akuti anakwatiwa ali ndi 18 kapena 19 koma mwana woyamba anabereka ali ndi 16 ndi angati, ndipo chiwerengerocho chasintha bwanji pakati pa ma survey awiriwa? Ena ndi oberekera pakhomo pa makolo, zimenezo n'zoona, sikuti onse akubisa. Koma chikakwera kwambiri ndiye pali poyambira. Gulu la 1991-95 lija latuluka bwanji?

M&E Kumpoto:
Lero ndi Lachisanu. Mwini nkhani, imelo ija inapita?

Madala wa ku Field:
Akabwera atiuzenso za histogram, pa 17 ndi pa 18.

Wongoyamba_kumene:
DHS andivomera. Mafayilo alipo ambiri, IR, PR, KR, BR. Pa nkhani ya atsikana osiya sukulu nditsitse iti?